Bambo anga anali ndi kope, analibe loya

Kalata yanu, mng'ono wanga, yakhala mu imelo yanga masabata awiri. Ndinaiwerenga tsiku lomwe inafika, ndipo ndikanatha kuyankha ndi mizere itatu, koma mawu ena amene munalemba anandikhala pamtima. Mukuti mwamaliza digiri ya malamulo ku Zomba, panopa muli ku MILE, sukulu yokonzekeretsa maloya asanayambe ntchito, ndipo ofesi ina ya maloya yakuitanani kuti muzikagwira milandu ya zomangamanga ndi inshuwalansi. Anzanu akuti imeneyo ndi ntchito ya maloya ozizira, oopa kuima pamaso pa jaji, ongokhalira kuwerenga mapepala a simenti. Mukufunsa ngati muvomere kapena mudikire mwayi wina.

Mawu akuti "mapepala a simenti" ndi amene andilembetsa zonsezi. Banja lathu linasauka chifukwa cha pepala limodzi lotero, limene silinalembedwe.

Bambo anga anali kontirakitala wamng'ono. Anayamba ngati mmisiri wamba, chingwe ndi levulo m'manja, kumangira anthu nyumba za zipinda ziwiri, mpaka anadzakhala ndi anyamata awoawo, kagalimoto konyamulira katundu ndi makina amodzi osakanizira konkire. Mu 1993 anapata ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo: midadada iwiri ya sukulu ndi nyumba ya mphunzitsi, kuchigwa cha Phalombe, ndalama zake zochokera ku bungwe lina limene sindilitchula. Tsiku limene anabwera ndi nkhaniyo amayi anapha nkhuku. Ine ndinali mu Fomu 1.

Atakumba maziko anapeza makande okhaokha, dothi lakuda lija limene limafufuma mvula ikagwa n'kung'aluka ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe. Amene anajambula pulani sanafike pamalopo, anajambula ngati pansi m'polimba. Injiniya woyang'anira ntchito anabwera, anaima m'mphepete mwa ngalande, n'kuwauza kuti akumbe mpaka apeze polimba, aikemo zitsulo, adzawerengerana pamapeto. Bambo anavula chipewa, anathokoza, n'kuchita monga anauzidwira. Iwo anakulira m'dziko limene mawu a bwana anali ngati chidindo, ndipo kupempha munthu wophunzira kuti alembe zimene wanena kunali ngati kumunena kuti ndi wabodza.

Maziko okhawo anadya simenti, miyala ndi zitsulo zimene zikanafikitsa khoma pa lintala. Kenaka mu February 1994 boma linasiya kwacha kuti izidzipezera yokha mtengo pamsika, ndipo thumba la simenti la sabata ino silinkakhalanso pa mtengo wa sabata yatha. Bambo sanathawe ntchito. Anakongola kwa achibale, anakongola kwa ogulitsa matabwa, pamapeto anafika kwa akatapila. Sukulu inatha, ana analowa m'makalasi. Itakwana nthawi yowerengerana, injiniya uja anali atasamutsidwa, ndipo amene anabwera m'malo mwake anangofunsa funso limodzi: kalata yokulamulani kusintha maziko ili kuti?

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ndi maso a mwana. Anyamata a ntchito ankabwera kunyumba m'mamawa n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, osachita phokoso, kungodikira malipiro awo. Amayi ankawaphikira phala ndi ufa umene unali wathu wa madzulo. Galimoto inapita. Makina a konkire anapita. Bambo anabwerera pa khoma kukamangira anzawo amene kale ankawalemba ntchito, ndipo temu ina yathunthu ndinakhala pakhomo chifukwa cha fizi. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti iwo sanaganizepo kuti analakwiridwa. Ankangoti linali tsoka.

Pamene ndinkalowa ku Chancellor College ndinali ndi maganizo ngati a anzanuwo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali akadali atsopano, ndipo aliyense ankafuna kudzakhala loya wa ufulu wachibadwidwe kapena wa milandu ikuluikulu yotuluka m'nyuzipepala. Phunziro la makontirakiti tinkaliwerengera mayeso basi. Nditayamba ntchito ku Blantyre, bwana wanga woyamba anandipatsa makatoni anayi a mafayilo a mlandu wa msewu wina, n'kundiuza kuti ndiwasanje potsata madeti. Ndinalira m'bafa tsiku limenelo, poganiza kuti andiona ngati kalaliki. Ndinasanja masabata atatu. Ndili pakati pa katoni yachitatu ndinapeza kapepala kolemba pamanja, kothimbirira ndi matope, pamene injiniya anasaina kuvomereza kuti ngalande ikulitsidwe. Kapepala kameneko kanali ndi mphamvu kuposa zonse zimene maloya a mbali ziwirizo analemberana kwa zaka ziwiri. Mlandu unathera pa tebulo, osafika n'komwe kwa jaji.

Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinapita kumudzi n'kufunsa bambo ngati anasunga chilichonse cha ntchito ya ku Phalombe. Analowa kuchipinda n'kutulutsa kope la ana asukulu, lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Tsiku lililonse analemba m'Chichewa: anthu angati abwera, matumba angati atsegulidwa, mvula yagwa kapena ayi, ngalande yafika mafiti angati. Pa tsiku limene injiniya anabwera analemba dzina lake, nthawi imene anafika, ndi zimene analamula. Masamba awiri kutsogolo kwake, injiniya yemweyo anasaina pambali povomereza kuti zitsulo zaikidwa bwino asanathire konkire. Ndinakhala pakhonde ndi kopelo mpaka kunja kunada. Munthu wosaina kuti zitsulo zaikidwa bwino m'maziko amene pulani yake inalibe zitsulo sangakane kuti ankadziwa za kusinthako. Bambo anali ndi mlandu wabwino m'manja. Koma lamulo la Limitation Act limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zokha kuti munthu asumire pa nkhani ya kontirakiti, ndipo zakazo zinali zitadutsa kalekale. Sindinawauze. Ndinangowapempha kuti andipatse kopelo, ndipo lili mu kabati ya mu ofesi yanga.

Ndiye munthu akanena kuti ntchitoyi ndi ya ozizira, ine magazi amawira. Amene amanena zimenezi sanaonepo kontirakitala wa zaka makumi asanu akulira mu ofesi chifukwa banki ikugulitsa nyumba imene anaikira chikole kuti apeze bondi, chitsimikizo cha banki choti ilipira mwini ntchito iye akalephera kumaliza. Mlandu wa zomangamanga umapambanidwa kapena kuluzidwa pa saiti, miyezi yambiri loya asanaitanidwe, ndipo luso lathu lalikulu ndi kudziwa pepala limene likufunika, tsiku limene likufunika, ndi munthu woyenera kulilandira.

Ntchito zikuluzikulu za misewu, milatho ndi madzi, makamaka zolipiridwa ndi World Bank kapena African Development Bank, kawirikawiri zimayendera makontirakiti ochokera ku FIDIC, bungwe la mainjiniya limene linayamba mu 1913 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Anthu a ntchitoyi amatchula mabukuwo ndi mtundu wa chikuto: Red Book pamene pulani yajambulidwa ndi mwini ntchito, Yellow Book pamene kontirakitala ajambula yekha n'kumanga. M'mabuku a 1999 muli ndime 20.1, imene yagwetsa anthu ambiri kuposa mvula. Imati kontirakitala akaona chinthu chimene chimupatse ufulu wopempha nthawi kapena ndalama zoonjezera, adziwitse injiniya m'kalata pasanathe masiku 28 kuchokera pamene anadziwa, kapena pamene anayenera kudziwa. Akapanda kutero, ufuluwo watha, ngakhale aliyense pa saitipo akudziwa kuti zinachitikadi. Tsatanetsatane wa pempholo amafunika pa masiku 42, ndipo mabuku a 2017 anawonjezera nthawi imeneyi kufika masiku 84, koma masiku 28 aja sanasinthe. Makontirakiti ang'onoang'ono a boma nawonso ali ndi ndime zawo zolamula kuchenjeza msanga. Taganizani tsono kapitawo amene ali kumudzi kutali ndi tauni, simenti wamuthera, antchito akufuna ndalama, mtsinje wadzaza. Kulemba kalata yachingerezi ndi chinthu chomaliza m'mutu mwake.

Pamenepa ndili ndi maganizo amene anzanga ena sakondwa nawo, koma sindisintha. Loya amene sanapondepo pa saiti asalandire mlandu wa zomangamanga. Akumubera kasitomala wake. Simungafunse injiniya mafunso m'khoti ngati simudziwa kuti konkire amayesedwa pa masiku 7 ndi masiku 28, kapena kusiyana kwa simenti wa 32.5 ndi wa 42.5, kapena chifukwa chake kuchedwa kwa mlatho umodzi kumaimitsa msewu wonse pamene kuchedwa kwa mpanda sikuimitsa kanthu. Ndinaonapo loya wotchuka, wolankhula Chingerezi chokoma, akulimbana ndi mboni kwa ola lathunthu pa nkhani imene mmisiri aliyense akanamuuza kuti si pamene pali vuto. Kasitomala wake analipira ola limenelo. Ine chaka changa chachiwiri ndinapempha mayi wina wowerengera mitengo ya zomanga, wa ku Polytechnic imene lero ndi MUBAS, kuti Loweruka lililonse azindiphunzitsa kuwerenga bill of quantities, mndandanda wa ntchito ndi zipangizo ndi mitengo yake, mzere ndi mzere. Maphunziro amenewo andidyetsa kuposa theka la zimene ndinaphunzira ku koleji.

Ndipo poti ndatchula Chingerezi, pali china chimene chimandiwawa. Makontirakiti onsewa ali m'Chingerezi cholimba, chimene ngakhale ife maloya timachiwerenga kawiri. Lamulo limene timagwiritsa ntchito pa makontirakiti ndi inshuwalansi mizu yake ili ku England, kuyambira pa chilamulo cha 1902 chimene chinabweretsa malamulo a kumeneko kuno. Koma amene amagwira ntchitoyo ndi manja amalankhula Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe. Makontirakitala olembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomanga limene ambiri timalidziwa ndi dzina la NCIC, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ambiri ndi ang'onoang'ono, ndipo amasaina mabuku a masamba mazana atangowerenga tsamba la mtengo. Ine kasitomala watsopano aliyense ndimakhala naye pansi limodzi ndi kapitawo wake, n'kuwafotokozera m'Chichewa ndime zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene zingawaphe. Ndimawauza kuti buku la pa saiti alembe m'chinenero chimene akuchidziwa, kumasulira ndi ntchito yanga. Ndimawauza kuti injiniya akalamula chinthu pakamwa, madzulo omwewo amulembere kuti mwatilamula zakutizakuti ndipo tikuona kuti zidya nthawi ndi ndalama. Uthenga wa pa WhatsApp ndi chithunzi chokhala ndi deti zathandizapo anthu anga, komabe ngati kontirakiti ikuti kalata ipite ku adiresi yakuti, ipite kumeneko ndithu.

Musaganize kuti makontirakitala onse ndi oyera mtima. Ndakhalapo kumbali ya eni ntchito nthawi zambiri. Alipo amene amalandira ndalama zoyambira ntchito n'kukagula galimoto yapamwamba, saiti ili ndi mlonda yekha. Alipo ochepetsa simenti mpaka khoma kumafumbutuka ukalikanda ndi chala, m'kalasi mmene mudzakhale ana a anthu. Oterewa ndimawatsata popanda chisoni, ndipo bondi yawo ndimaitanitsa ndi mtima woyera. Koma pa milandu khumi imene yadutsa m'manja mwanga, yambiri gwero lake ndi limodzi: ntchito yagwiridwa, satifiketi ya malipiro yasainidwa, ndalama sizikubwera. Red Book ya 1999 imati mwini ntchito alipire pasanathe masiku 56 injiniya atalandira pempho la malipiro, ndipo akachedwa pamakhala chiwongola dzanja. Imapatsanso kontirakitala ufulu wochepetsa kapena kuimitsa ntchito atapereka chenjezo la masiku 21. Ndi angati amene amagwiritsa ntchito ufulu umenewu? Amaopa kuti akaumirira sadzapatsidwanso tenda. Amapirira, amakongola, amagwa. Ngati wosalipirayo ndi boma, lamulo limafunanso kuti ulichenjeze miyezi itatu usanasumire, ndipo ngakhale upambane, kulandira ndalamazo ndi ulendo wina.

Kugwa kwa kwacha nakonso kwadzaza maofesi athu. Mu May 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Phula, zitsulo, magalasi, mapaipi, mafuta a makina, zambiri zimachokera kunja kapena mtengo wake umatsata dola. Munthu amene anasaina kontirakiti ya mtengo wosasintha mu October 2023 anadzuka mwezi wotsatira ali ndi ngongole imene sanakongole. Amene kontirakiti yake inali ndi ndime yosinthira mitengo anapuma, ngakhale kuti nayenso tinakangana naye za manambala oyenera kugwiritsa ntchito powerengera. Miyezi imeneyo ndinkaona nkhope ya bambo anga pa munthu aliyense wolowa pakhomo la ofesi. Zaka makumi atatu zadutsa, dzenje ndi lomwe lija.

Za inshuwalansi

Mbali imeneyi ndinailowa mochedwa, ndipo poyamba ndinkaiona ngati ntchito ina. Si ina. Kontirakiti yomanga iliyonse yolongosoka imalamula kuti pakhale inshuwalansi ya ntchitoyo, imene timaitcha Contractors' All Risks, ya anthu ena amene angavulale kapena kuwonongekeredwa katundu, ndi ya antchito. Zinthu zikavuta, mafunso amakhala awiri nthawi imodzi: ndani walakwa malinga ndi kontirakiti, ndipo ndani alipire malinga ndi inshuwalansi.

Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera mu March 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje midzi ndi milatho zinakokoloka. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero, ndipo pamaso pa zimenezo nkhani ya ndalama ndi yaing'ono. Komabe maliro atatha, amoyo anayamba kubwera ndi mapepala awo. Mmodzi anali mayi amene ankamanga kachipatala kakang'ono. Ntchito inayenera kutha mu December, inachedwa pa zifukwa zimene zina sizinali zake, ndipo anapatsidwa nthawi yoonjezera. Koma inshuwalansi yake inatha mu February, ndipo palibe anakumbuka kuitalikitsa. Madzi anatenga khoma, matabwa ndi matumba onse a simenti. Ndinawerenga pepala lake usiku wonse kufunafuna pothawira, sindinapapeze. Kampani ya inshuwalansi sinalakwe. Ndinayenera kumuuza mayiyo pamaso, ndipo palibe phunziro la ku koleji limene linandikonzekeretsa tsiku limenelo.

Ena anali ndi inshuwalansi yamoyo ndithu, koma anakumana ndi ndime yotchedwa average, imene anthu ambiri saidziwa mpaka itawaluma. Tiyerekeze kuti nyumba yanu munailembetsa pa K60 miliyoni zaka zapitazo, koma lero kuimanganso kungadye K120 miliyoni. Mwalembetsa theka la mtengo wake. Madzi akawononga za K40 miliyoni, kampani ikupatsani K20 miliyoni, n'kuchotsaponso kagawo kamene munagwirizana kuti muzidzilipirira nokha. Munthu amatuluka akunena kuti amubera, koma zinalembedwa. Kwacha ikagwa, aliyense amene sanakweze mtengo wolembetsera katundu wake amalowa mumsampha umenewu osadziwa. Ine ndimaimba mlandu ogulitsa inshuwalansi amene amatolera ndalama chaka ndi chaka osamukhazika pansi kasitomala n'kumuuza zimenezi. Kugulitsa chinthu chimene wogula sakuchimvetsa, iwe ukudziwa kuti sakuchimvetsa, si malonda abwino.

Palinso lamulo lakale lakuti wogula inshuwalansi aulule zonse zofunika, ngakhale zimene sanafunsidwe, limene Lord Mansfield analifotokoza pa mlandu wa Carter v Boehm mu 1766. Iye ananena kuti kukhulupirikako kumamanga mbali zonse ziwiri, koma m'ntchito ya tsiku ndi tsiku kawirikawiri limakumbukiridwa pamene kampani ikufuna kukana kulipira. Apa mtima wanu udzayesedwa, mng'ono wanga, chifukwa ofesi imene yakuitananiyo mosakayika imaimira makampani a inshuwalansi. Tsiku lina adzakupatsani fayilo n'kukuuzani kuti mupeze chifukwa chokanira. Nthawi zina chifukwacho chimakhalapo, choona: ndinagwirapo mlandu wa munthu amene sitolo yake inapsa katundu atasamutsidwa dzulo lake, ndipo sindinachite manyazi kumutsutsa, poti ndalama zimene akanaba ndi za anthu ena onse olipira mokhulupirika. Koma nthawi zina chifukwacho chimakhala kachilema kakang'ono pa fomu, kosakhudzana n'komwe ndi ngoziyo. Pamenepo loya wabwino amauza kampani kuti ilipire. Ndinataya kasitomala mmodzi wamkulu chifukwa cholemba malangizo otero kawiri motsatizana, ndipo chaka chimenecho chinali chowawa pa nkhani ya ndalama. Ndikanalembanso chimodzimodzi lero. Makampaniwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, popeza Gavanala ndiye Registrar of Financial Institutions, ndipo munthu wamba angathe kukadandaula kumeneko asanawononge ndalama kukhoti. Anthu osauka amene sangathe kundilipira ndimawalozera njira imeneyo.

Mudzapezanso kuti mafayilo ambiri a inshuwalansi m'dziko muno ndi a ngozi za pamsewu, poti lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo wovulala angathe kusumira kampaniyo mwachindunji. Zaka zanu zoyamba mudzasambira m'mafayilo amenewa. Musawanyoze. Kumbuyo kwa lililonse kuli wakabaza wothyoka mwendo kapena mwana wogundidwa pobwera kusukulu, ndipo nthawi yosumira pa kuvulala ndi zaka zitatu zokha. M'menemo ndi mmene mudzaphunzirire kuima pamaso pa khoti sabata iliyonse, kumene anzanu akuti simudzafikako.

Zoti simudzalankhula m'khoti ndi bodza ndithu. Commercial Division, nthambi ya High Court yoona milandu ya malonda, inayamba mu 2007, ndipo milandu yathu yambiri imapita kumeneko. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa kwa mkhalapakati, ndipo kumeneko ndi kumene ndaona luso lenileni la kulankhula: kumufikitsa munthu wokwiya pa kuvomereza nambala. Makontirakiti ambiri omanga amatumiza mikangano kwa arbitrator, munthu amene mbali ziwiri zamusankha kuti aweruze kunja kwa khoti, kawirikawiri injiniya kapena loya wodziwa ntchitoyi. Kumeneko mboni yaukatswiri mungaifunse mafunso masiku awiri, ndipo ngati simunakonzeke imakuvulani pamaso pa kasitomala wanu. Dziko lathu linalowa mu New York Convention mu 2021, kutanthauza kuti zigamulo zotere zochokera kunja zingakakamizidwe kuno ndipo zathu zingakakamizidwe kunja. Makampani akunja omanga misewu ndi madamu amabwera ndi maloya awo a ku London kapena Johannesburg, ndipo zimandipweteka kuona ife tikungowanyamulira zikwama pa ntchito zomangidwa pa nthaka yathu ndi ngongole zimene adzabweze ndi ana athu. Tikusowa anthu athu odziwa zimenezi mozama. Ndife ochepa kwambiri.

Zoti ndinu mkazi

Simunafunse, koma ndinena. Pa saiti adzayamba kupereka moni kwa dalaivala wanu poganiza kuti loya ndi iyeyo. Pamsonkhano wina adzakupemphani kuti mulembe zokambirana kapena muthire tiyi. Zinandichitikira, ndipo zinkandipweteka. Chimene chinathetsa zimenezi si kukalipa, ngakhale kuti nthawi zina ndinakalipa. Ndi tsiku limene ndinafunsa chifukwa chake zotsatira za kuyesa konkire wa mzati wachitatu zinalibe m'fayilo, chipinda chonse n'kukhala chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akadziwa kuti mwawerenga tsamba lililonse, amasiya kuyang'ana dalaivala.

Nkhani ya ndalama ndiinene mosabisa. Zaka zoyamba simudzalemera. Makampani a inshuwalansi amabweretsa ntchito yosalekeza koma amakambirana mtengo mpaka pansi. Makontirakitala amalipira bwino akalipidwa, ndipo ndanena kale mmene amalipidwira. Mlandu umodzi ungatenge zaka zinayi kapena zisanu, ndipo pali miyezi imene mudzakhala ndi mafayilo odzaza kabati koma lendi ya ofesi ikukusowetsani tulo. Anzanu ena adzagula magalimoto inu musanagule. Koma pakapita zaka khumi mudzakhala m'gulu la anthu owerengeka amene amaitanidwa mlatho ukagwa kapena fakitale ikapsa, ndipo ntchito imeneyo simudzaipempha, idzakupezani. Mayina athu satuluka m'nyuzipepala kawirikawiri, poti za kwa arbitrator zimakhala zachinsinsi. Ngati mtima wanu ukufuna kutchuka, ndipo si tchimo kufuna zimenezo, njira iyi idzakukhumudwitsani.

Tsono yankho langa ndi lakuti vomerani, koma musanasaine afunseni ngati adzakulolani kupita ku saiti ndi kukhala nawo pa milandu ya kwa arbitrator, osati kungosanja mafayilo a ngozi zaka zisanu. Pezani Red Book ya 1999 ndi ya 2017 muziwerenge mbali ndi mbali. Pezani wowerengera mitengo ya zomanga kapena injiniya woti azikuphunzitsani. Ndalama zikapezeka, yambani maphunziro a Chartered Institute of Arbitrators, ndipo a inshuwalansi musawasiye. Dzipatseni zaka zitatu musanaweruze ngati ntchitoyi ndi yanu.

Bambo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Sukulu ija ikadalipo. Ndinadutsako pambuyo pa Freddy ndikupita kukaona saiti ina, ndipo ndinapempha dalaivala kuti tipatuke. Nyumba zambiri zozungulira zinali zitagwa kapena kung'aluka, ndipo m'makalasi munali mabanja othawa madzi, mphasa ndi mapoto zili mbwee. Ndinazungulira midadada iwiri ija kuyang'ana pansi pa mawindo ndi m'makona, mmene makande amayambira kung'amba khoma. Sindinapeze mng'alu ndi umodzi womwe.

Lachinayi likubwerali ndikupita ku Chikwawa kukaona kamlatho kamene mbali ziwiri zikukanganirana. M'galimoto muli malo. Ngati maphunziro akulolani, ndiyankheni pa imelo yomweyi, ndipo mubwere ndi majombo ndi kope.